Mashingozi a Mwamuna Wanga

Chimene chinawaulula a Wiza ndi vesiti. Linali Loweruka m'mawa, ndikuchapa kuseri kwa nyumba yathu ya lendi ku Katawa, nditakhala pa kampando chifukwa mimba inali itafika poti kuwerama ndi nkhondo. Nditatulutsa vesiti yawo m'dengu la zovala zakuda, ndinaona madontho achikasu atandandalika kuchokera kumsana mpaka cha pachifuwa, mbali ya kumanja yokha. Ndinaiika pamphuno. Inkanunkha mankhwala otsukira mano.

Sabata yonseyo mwamuna wanga ankagona ndi malaya. Ndikafunsa ankati kukuzizira, ndipo ndani angatsutse munthu wonena kuti ku Mzuzu kukuzizira mu Juni? Komabe wodandaula ndinayenera kukhala ine wa ku Nathenje, osati iwo obadwira m'nkhungu momwemu. Madzi osamba ankakatenga okha pa mbaula, chinthu chimene sanachitepo chikwatiranireni, ndipo ine ndinkayesa ndi chifundo cha munthu woona mkazi wake akulemedwa. Ndinali nditawatamanda kale kwa anzanga ku ofesi ya zaulimi kumene ndimagwira ntchito.

Ndinawapeza kuchipinda akumanga nsapato kuti apite ku shopu yawo ya penti ndi matailosi.

"Tavulani malaya," ndinatero.

"Ndachedwa, Edina."

"Tavulani, kapena ndikuvuleni ndine."

Anandiyang'ana, nayang'ana vesiti imene inali m'dzanja langa, kenako anayamba kumasula mabatani mmodzimmodzi.

Matuza anali m'timagulu pa khungu lotupa, ena odzaza madzi, ena ataphulika, atayenda mzere umodzi ngati theka la lamba. Mankhwala otsukira mano aja anali atapaka mophonyaphonya, poti munthu sadziona kumsana. Sindinafunikire dokotala kuti andiuze dzina lake. Aliyense amawadziwa mashingozi, ndipo aliyense amadziwa chimene anthu amanena munthu wa zaka makumi atatu akatuluka mashingozi. Azakhali anga anayamba choncho, kale mankhwala otalikitsa moyo asanafike kwathu, ndipo tinawaika m'manda chaka chisanathe.

Ndinakhala pa bedi. Sindinaganize za ine, ngakhale za iwo. Ndinaganiza za mwana. Mimba yoyamba ndinapita padera, ndipo iyi ndinkayenda nayo ngati munthu wonyamula mazira pa njinga. Inali itakwana miyezi isanu ndi iwiri. Kusikelo anandiyeza magazi nditangoyamba kumene, anandipeza ndilibe kachilombo, koma tsiku limenelo a Wiza sanapite nane. Anali ku Kyela, kutsidya kwa malire, kokagula katundu. Tsopano Kyela yemweyo ndinayamba kumukayikira. Ulendo uliwonse wa kumalire amakagonako, amati katundu wachedwa kuwoloka, ine n'kumavomera ngati mwana wa Sande sukulu.

"Ndi ndani?" ndinafunsa.

"Ndani chiyani?"

"Musandipusitse. Ndi wa ku Kyela kapena wa pa Songwe?"

Anangovalanso malaya, nsagwada zitalimba, ndipo kukhala chete kumeneko ndinakutenga ngati kuvomera. Ndinayankhula zambiri. Ndikapsa mtima pakamwa panga sipakhala chitseko, amayi anga analephera kundiletsa, ndipo a Wiza anasiya kalekale kuyesa. Ndinawauza kuti mwana uyu akadzabadwa ndi matenda chifukwa cha iwo, dzina langa azidzalimvera kwa ankhoswe. Nditatopa ndinati tikupita kukayezetsa lero lomwe, tonse awiri.

"Enya," anatero motsitsa mawu. "Tonse awiri nadi."

Sitinapite ku chipatala chapafupi, chifukwa wolandira odwala kumeneko amaimba kwaya imodzi ndi a Wiza. Tinakwera takisi kupita ku Masasa, kukachipatala kena kolipira kumene palibe amatidziwa. M'galimotomo tinaphanikizana ngati anthu okondana, ine ndikuyang'ana kunja, iwo akuyang'ana khosi la dalaivala.

Dokotala anali mayi wamfupi wa magalasi, a Msiska, woyankhula Chichewa cha kuno chokoka mawu. Anawavula a Wiza malaya, naweramira kumsana kwawo.

"Mwapakapo vichi apa, adada?"

"Kolugeti."

"Msanawu uli ndi mano?"

Palibe anaseka. Anatibaya zala tonse awiri, naika timapulasitiki toyezera pa tebulo, kenako anayamba kutsuka msana uja ndi thonje ngati palibe chimene tikudikira. Ine maso anali pa tebulo, dzanja lili pamimba. Ndinapemphera pemphero losalongosoka, lopanda chiyambi lopanda ameni, longoti mwanayu yekha, Ambuye, mwanayu yekha.

A Msiska anavula magolovesi, nayang'ana timapulasitiki tija.

"Nonse awiri mulibe kachilombo. Mudzabwerenso pakapita miyezi itatu kuti titsimikize, timatero kwa aliyense, koma lero zili makora."

A Wiza anatulutsa mpweya wautali. Koma ndinaona kuti sakuyang'ana kapulasitiki kawo. Akuyang'ana kanga.

"Nayenso alibe, adokotala?"

Ndinatembenuka ndi mpando womwe. "Mukuti chiyani?"

"Edina, ine ndikudzidziwa kuti sindinayendepo ndi munthu. Olo kamodzi yayi. Ndiye nditaona matuzawa ndinati, nanga achokera kuti? Maphunziro anu aja a ku Mponela mumakatha sabata yathunthu. Ndipo za kusikelo zija munangondiuza pakamwa. Koma ndinali nditakukhululukirani kale. Ndimangofuna mwana abadwe kaye, ndisakusokonezeni mtima."

Kundikhululukira. Ine, amene ku Mponela ndimakakhala tsiku lonse pa mpando wolimba ndikumvera za ntchemberezandonda m'chimanga, miyendo itatupa, madzulo n'kugona ndi mtsamiro pakati pa mawondo. Munthu anatha sabata yonse akundikhululukira ine osadziwa, akuyenda m'nyumba ndi nkhope ya woyera mtima, kolugeti ali kumsana. Dzanja langa linalakalaka mbali ya matuza yomweyo. Chinandigwira n'chakuti m'mawa womwewo ndinali nditawakwatitsa mkazi wa ku Kyela, mpaka ndinamuona m'maganizo ndi tsitsi lake loluka. Ndinatseka pakamwa, chinthu chosachitikachitika.

"Mwatha?" anafunsa a Msiska. "Tsopano mundimvere ine. Adada, muli mwana munadwalapo katsabola?"

"Enya. Sitandade fili. Kalasi yonse tinadwala."

"Ndiye mwini wake wa matuzawa ndi ameneyo."

Anatifotokozera kuti katsabola akapola, kachilombo kake sikachoka m'thupi. Kamakabisala mu mtsempha pafupi ndi msana n'kugona zaka zambiri, ndipo thupi likafooka kamadzuka n'kutsata mtsempha umodzi womwewo kufika pakhungu. N'chifukwa chake matuza amakhala mbali imodzi. Anati n'zoona kuti kachilombo koyambitsa Edzi kamafooketsa thupi, ndipo tinachita bwino kuyezetsa, koma si kokhako. Matenda ena, kutopa kwambiri, nkhawa, ngakhale popanda chifukwa chooneka, mashingozi amatuluka, kwa nkhalamba ndi kwa achinyamata omwe.

A Wiza anali atadwala malungo mwezi wapitawo. Asanachire bwino anabwerera ku puloti yathu ku Mzilawaingwe, kumatuta njerwa ndi amisiri m'mamawa asanatsegule shopu, ati denga likhale litakwera mwana asanabadwe. Ndinkawaletsa, sankamva. A Msiska anangogwedeza mutu, nawalembera mapiritsi, ena a ululu, ndi mankhwala opaka.

"Mukanabwera matuza atangoyamba, mankhwalawa akanagwira bwino chomene. Koma ambiri a msinkhu wanu amabwera mochedwa chonchi, manyazi."

Ndinanyamula chikwama changa mtima uli mbee, ndikuganiza kale za mawu amene ndikawauze bambowa tikafika kunyumba.

"Khalani kaye pansi, amama," anatero a Msiska. "Inu munadwalapo katsabola?"

Ndinati sindikudziwa.

Nkhope yawo inasintha. Anati a Wiza sangandipatsire mashingozi, koma madzi a m'matuzawo angathe kupereka katsabola kwa munthu amene sanadwalepo. Kwa mwana wa sukulu nthawi zambiri ndi matenda a kuyabwa basi, koma kwa mayi woyembekezera ndi nkhani ina. Angathe kulowa m'mapapo, ndipo angathe kufika kwa mwana.

"Ngati munadwalapo, thupi lanu likumudziwa, palibe chodetsa nkhawa. Ngati ayi, tiyenera kudziwa msanga."

"Katemera ndinalandira yense," ndinatero, ndikukweza mkono wa bulauzi. "Chipsera ndi ichi. Amayi anga sankajomba kusikelo."

"Chimenecho ndi cha TB. Katemera wa katsabola alipo, m'mayiko ena ana amabayidwa, ndipo obayidwawo mashingozi sawapeza kawirikawiri akakula. Koma sali m'gulu la akatemera a kusikelo kuno. Inu simunalandire, ine sindinalandire. Kuyeza magazi kuti tione ngati munadwalapo n'kotheka, koma pano tilibe zipangizo zake, tingachite kutumiza kutali. Yambani mwafunsa amayi anu, lero lomwe, mundiimbire. Pakali pano adadawa aziphimba matuzawo, agone paokha, thaulo lawolawo. Zovala zawo musazigwire."

Ndinakumbukira vesiti ija ndikuiika pamphuno. Mantha amene ndinkayesa ndawasiya pa tebulo lija anandibwerera onse, ndipo anali akulu kuposa oyamba, chifukwa tsopano panalibe munthu womukalipira.

Titangofika kunyumba ndinawaimbira amayi. Anali kutchalitchi, akusesa ndi anzawo a Mvano, ndipo ndinkamva matsache ndi nyimbo kumbuyo kwawo.

"Mwaswera bwanji, aNambewe? Mwanayo akusewera?"

"Akusewera, amayi. Ndikufunseni. Ndili mwana ndinadwalapo katsabola?"

"Inu munabayidwa katemera yense. Ndinkakuberekani mpaka kuchipatala cha mishoni, mvula kapena dzuwa."

"Wa katsabola kunalibe, amayi. Adokotala atero. Ndikufunsa ngati ndinadwala."

"Ana asanu, ndingakumbukire matuza a aliyense? Achimwene anu a Meckson anadwala chikuku, chimenecho ndikukumbuka chifukwa tinatsala pang'ono kuwataya. Koma katsabola..."

Ndinawafotokozera zonse, za mashingozi, za zimene adokotala ananena za mwana. Kenako ndinamva akuti "Iii," motsitsa, ngati munthu amene wapeza chinthu pamalo pamene sankafunafuna.

"Ndikuimbirani," anatero, n'kudula.

Ndinakhala pakhonde foni ili pamiyendo. Kunkagwa kamvula kaja ka kuno kosanyowetsa kosaumitsa. M'nyumba ndinkamva a Wiza akukoka matiresi a alendo kupita nawo pabalaza, akubuula akawerama. Ndinawaimbira achimwene a Meckson, nandiuza kuti iwo za matenda anga sakuzidziwa, amangokumbuka kuti ndinali wolira. Ndinayesa kufufuza m'mutu mwanga, koma ubwana wanga wonse unali mango ndi kusewera fulaye, palibe thuza ndi limodzi lomwe. Ndinkadzigwira pachipumi kuti ndimve ngati thupi layamba kutentha, ngakhale adokotala anali atanena kuti sizingaoneke tsiku lomwelo.

Foni inalira kamodzi n'kusiya, monga amachitira amayi mayunitsi akachepa. Ndinaimba.

"Ndachoka pagulu, ndili kuseri kwa khola la abusa," anatero. "Izi sindikanatha kunena amayi a Mvano akumva. Munadwala, aNambewe. Katsabola weniweni, wa matuza amadzi, thupi lonse mpaka m'mutu ndi m'kamwa. Kuchipatala anatchula dzina lomwelo, natipatsa mankhwala opaka oyera aja. Munali musanayambe sukulu."

"Nanga mwakumbukira bwanji? Paja mumati simungakumbukire."

Anatsokomola chifuwa chimene analibe.

"Chaka chimenecho malemu bambo anu anali ku esiteti ya fodya ku Kasungu. Anachoka mvula isanayambe, anabwera fodya atagulitsidwa. Anafika atandigulira chitenje ndi sopo wonunkhira. Tsiku limene anafikalo ndi tsiku limene inu munatuluka matuza."

"Ndiye?"

"Ndiye agogo anu anawalandira chikwama pakhomo, n'kukawayalira mphasa m'khitchini. Kale mwana akadwala matenda otuluka pakhungu, makolo ankadika. Mwamuna kwake, mkazi kwake, kufikira nkhanambo yomaliza itagwa, kuopa kumutsempha mwana. Ife tinali a mpingo, koma pa nkhani imeneyi agogo anu sankamva za abusa. Anasamutsa mphasa yawo n'kumagona pakhomo penipeni pa chipinda changa."

Sindinadziwe koika nkhope, ngakhale panalibe wondiona. Amayi anga ndi munthu amene chikhalire sanatchulepo pamaso panga kuti ana amachokera kuti.

"M'mawa uliwonse bambo anu ankabwera kudzakuonani," anapitiriza, mawu akuyamba kunjenjemera ndi kuseka. "Anthu m'mudzi ankati, koma bamboyu amakonda mwana wake. Ankakutembenuzani uku ndi uku, kuona nkhanambo zatsala. Zonse zinagwa, kupatula kamodzi pakati pa msana, kokakamira ngati mwini wake. Tsiku lina agogo anu anawapeza akukakanda ndi chala. Anawathamangitsa ndi chipande."

Anaseka mpaka kupuma movutikira. Chimwalirireni bambo sindinawamvepo amayi akuseka choncho powatchula.

"Kanagwa?" ndinafunsa.

"Kanagwa. Tadala anabadwa chaka chotsatira."

Ndinawerengera mwezi wobadwa wa mng'ono wanga Tadala, ndipo ndinalakalaka ndikanapanda kuwerengera. Ndinaseka nawo, ndipo pakati pa kusekako misozi inangoyamba yokha, yambiri, ya tsiku lonse. Amayi anandisiya ndilire.

"Basi, aNambewe, basi. Mwanayo ali bwino. Koma apongozi angawo akagone pabalaza, musawamvere chisoni. Bambo anu sanafe nayo mphasa ya m'khitchini."

Ndinawaimbira a Msiska. Anandifunsa ngati amayi ananena matuza amadzi kapena totupa ting'onoting'ono ngati ta chikuku, ngati anali m'mutu momwe, ngati kuchipatala anatchula dzina. Ndinayankha zonse. Za chipande sindinawauze.

"Ndiye ndi katsabola nadi," anatero. "Khazikani mtima pansi, mwana ali pabwino. Adadawo aziphimbabe matuzawo mpaka aume, manja azisamba. Inu mukamva kutentha thupi kapena mukaona kathuza paliponse, mubwere tsiku lomwelo, musadikire sabata ngati anthu ena."

Nditalowa m'nyumba ndinapeza pabalaza pasanduka wodi ya kuchipatala. Matiresi anali pakona, mbale, kapu ndi sipuni zili pambali pake, chilichonse atachimata kachidutswa ka tepi ya ku shopu kuti ndisachigwire mwangozi. Eni ake atandiona anaimirira n'kubwerera cham'mbuyo mpaka kugunda khoma.

"Musayandikire, Edina. Amama ati chiyani?"

"Ndinadwala. Ndisanayambe sukulu."

"Akutsimikiza?"

"Ali ndi umboni woti sindingakuuzeni."

Anatsetsereka ndi khomalo mpaka kukhala pa matiresi, naphimba nkhope ndi manja. Mapewa ankagwedezeka. Ndinamva akunong'ona kuti yewo, Chiuta, yewo chomene, mobwerezabwereza. Mawu onse amene ndinawakonzera m'takisi pobwerera, a Mponela ndi a kukhululuka kosapemphedwa, ndinawafunafuna osawapeza. Ndinangoona munthu wowonda ndi malungo, wotopa ndi njerwa, amene anatha sabata msana ukumuotcha ngati moto ali yekha.

Ndinakoka mpando n'kukhala patsogolo pawo.

"Za ku Mponela zija," anatero osakweza mutu, "phepani."

"Za ku Kyela nazonso."

"Anali wooneka bwanji?"

"Wakuda, wamtali, woluka tsitsi. Simukanamukwanitsa."

Anaseka, kusekako n'kuwakoka matuza, nagwira m'nthiti. Kenako anayang'ana mimba yanga, pamene bulauzi inkadzuka n'kugwa mbali imodzi.

"Chiyambireni matuzawa sindinamugwire," anatero. "Ndimaopa. Ndingamugwire?"

"Kasambeni m'manja."

Anatuluka. Ndinamva madzi akutuluka pa mpopi wa panja nthawi yayitali, n'kusiya, kenako n'kuyambanso. Atabwera anagwada patsogolo panga, ndipo manja awo anali ozizira mpaka ndinadzidzimuka. Sindinawachotse.